Mawu Obisala M'mimba mwa Ogasiti

Mabuku anga ndimawayala pansi, pa saka,
m'mbali mwa msewu wa Chachacha,
lililonse ndi mwala wake pamsana.
Mwezi uno buku lopanda mwala limadziwerenga lokha,
tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto,
wogula asanafunse n'komwe mtengo.

Lachitatu masana kunabwera Tilabilenji,
mwana wa mayi wowotcha chimanga pakona,
masokosi atafiira ndi fumbi la ku Kanyama.
Ati aphunzitsi atipatsa mawu tikafufuze.
Anandilozera m'kope ndi chala cha inki,
zilembo zinayi zokha: gust.

Ndinatulutsa dikishonale yanga yopanda chikuto,
ija yoyambira pa B, imene aliyense amaibweza.
Malovu pachala, tsamba, tsamba, tafika.
Akuti mphepo yobwera mwadzidzidzi,
yamphamvu, yosakhalitsa.

Ndinati, mwanawe, iweyo umaidziwa.
Ndi ija imanyamula phulusa pa mbaula ya amako
n'kulithira m'maso mwa kasitomala.
Si mkuntho wogona pa malata usiku wonse.
Si kamvuluvulu wovina ndi mapepala pa siteshoni.
Ndi mlendo wokana mpando:
odi, wagubuduza beseni, wapita.

Nanga kwawo kwa mawuwa n'kuti?
Anaseka. Zimenezo ndazipeza ndekha.
Analemba August m'kope muja,
naphimba zilembo ziwiri zoyamba ndi chala chachikulu.
Onani! Ali m'mimba mwa Ogasiti.
Ndiye kuti mzungu anafika m'Lusaka mwezi uno,
chipewa chinamuthawa,
anadula mwezi mutu n'kutcha mphepo dzina.

Ndinavala magalasi anga omanga ndi waya.
Tizilembo ta pansi tinakana.
Akuti mawuwa ndi a anthu akumpoto kwenikweni,
oyenda pa ngalawa m'nyanja zozizira,
kumene madzi amauma n'kusanduka mwala.
Iwo ankawatchula ndi kamchira ka r kumapeto,
kamchirako kanaduka panjira.
Pomwe Ogasiti ndi dzina la mfumu ya ku Roma.
Palibe chibale.
Angofanana nkhope,
ngati anthu awiri okhala mpando umodzi
m'minibasi ya ku Matero.

Mwana uja anakwinya pamphumi.
Ine ndinangoti duu, kuganiza.
Mawu aja awoloka nyanja zingati opanda chiphaso,
ngati jekete la salaula la ku Soweto
limene likadanunkha mwini wake woyamba?
Munthu amene anayamba kuwatchula
ankaopa kuti ngalawa igadabuka.
Fumbi lathu sanalilawepo,
sanamvepo mchenga ukulira m'mano.
Komabe chimene chinamuwomba iye
n'chimene chimandithamangitsa ine pamsewu
kutola masamu a giredi naini.

Mawu otanthauza chinthu chosakhalitsa
akhala zaka mazanamazana.
Inenso ndinachoka ku Petauke
nditauza amayi kuti ndi masabata awiri okha.
Imvi izi zandimerera pano.

Tikadali choncho, mwiniwake wa dzina anafika.
Fumbi koboo, maambulera a ogulitsa kugwa chagada,
wina kufuula, gwira, gwira!
Ndinali nditachotsa mwala.
Tsamba lija linathothoka ngati linali kudikira,
linadumpha mfolo, linapsompsona galasi la takisi,
linakwera pamwamba pa mawaya a magetsi
kulowera cha ku Lumumba.
Kenaka zii, ngati sipanachitike kanthu.

Tilabilenji analavula mchenga,
nakhala pa njerwa n'kulemba mayankho onse awiri:
la buku pamwamba,
lake pansi, atalilemba mzere kunsi.
Anandilipira ndi chimanga chopserera mbali imodzi.

Dikishonale yanga tsopano yaguluka dzino.
Mtengo sindinatsitse.
Wina akadzafunsa za mawu amenewo
ndidzamuuza kuti akhale apa pang'ono,
agwire chipewa chake,
adikire.